Kuzoloweretsa Mbalame ya Cockatiel Kufikira Itadzera Yokha pa Dzanja Lanu

Munthu akangobwera ndi mbalame ya cockatiel pakhomo, chimene amalakalaka ndi kuiona itatera paphewa pake ikuimba mluzu, ndipo ambiri amalowetsa dzanja m'khola tsiku lomwelo kuti aigwire. Kufulumira kumeneku ndi kumene kumachedwetsa ntchito yonse, nthawi zina ndi miyezi. Kwa mbalameyo dzanja lotsika kuchokera pamwamba, zala zitatambasuka, silisiyana kwenikweni ndi kabawi amene akubwera kudzaigwira, ndipo ikangogwidwa mokakamizidwa kamodzi imasunga chikumbukiro chimenecho nthawi yaitali kuposa mmene mwini wake angaganizire.

Nkofunika kudziwa kumene mantha amenewa amachokera. Cockatiel kwawo ndi ku Australia, makamaka m'madera ouma a m'kati mwa dzikolo, kumene imauluka m'magulu kutsata madzi ndi njere za udzu. Ndi yaing'ono kwambiri pa banja lonse la zinkhwe zotchedwa cockatoo, popeza kutalika kwake kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya mchira ndi masentimita 30 mpaka 33, ndipo zambiri zimalemera pafupifupi magalamu 90. Chakudya chake imatola pansi, pamtetete, pamene mbalame zolusa zimaiona mosavuta, choncho moyo wake wonse umadalira kukhala tcheru ndi kuuluka pa chizindikiro choyamba cha ngozi. Dziko la Australia linaletsa kugulitsa mbalame zake zam'tchire kunja cha m'ma 1960, kotero cockatiel iliyonse imene ikuwetedwa m'maiko ena lero inaswedwa m'khola, koma zaka zonsezi sizinachotse chibadwa cha nyama yosakidwa. Ntchito yanu, tsono, ndi kuionetsa tsiku ndi tsiku kuti dzanja lanu silichita chinthu chodzidzimutsa, ndi kuti ikakana, kukana kwake kumamveka.

Utali wa ntchitoyi umadalira mbiri ya mbalameyo. Mwana wa mbalame amene analeredwa pa dzanja la munthu, n'kuyamba kudya yekha ali ndi milungu 8 mpaka 10, akhoza kukwera pa chala chanu m'masiku ochepa. Mbalame imene inaleredwa ndi makolo ake m'khola lalikulu, kapena yaikulu imene inakhalapo ndi munthu wankhanza, ingafune miyezi ingapo. Popeza cockatiel yosamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, ndipo zina zimapitirira pamenepa, miyezi itatu yoyembekezera si kanthu poyerekeza ndi nthawi imene mudzakhale nayo.

Khola liikeni m'chipinda chimene anthu amakhalamo masana, koma litsamire khoma mbali imodzi kuti mbalame ikhale ndi kumene ingapereke msana popanda kuopa chobwera kumbuyo. Likhale pamwamba ndithu, molingana ndi chifuwa kapena maso anu, chifukwa khola loikidwa pansi limachititsa kuti aliyense wodutsa aoneke ngati chimphona chowerama. Kukhitchini ayi. Utsi wa mapoto osamata chakudya, aja okutidwa ndi PTFE imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Teflon, ukhoza kupha mbalame m'kanthawi kochepa poto akatentha mopitirira, ndipo utsi wa fodya, mankhwala opopera ndi zonunkhiritsa m'nyumba nazonso zimaononga mapapu ake. Mipata ya pakati pa mawaya a khola isapitirire sentimita imodzi ndi theka kuti mutu usakodwe, ndipo timitengo toterapo tikhale ta makulidwe osiyanasiyana.

Masiku atatu kapena anayi oyambirira musachite chilichonse choposa kusintha chakudya ndi madzi. Chitani zimenezi pa nthawi yofanana tsiku lililonse, pang'onopang'ono, mukulankhula motsitsa mawu, ndipo mukamaliza chokani. Mbalame yatsopano ikhoza kukhala tsiku lathunthu itangouma pakamtengo osadya pamene inu mulipo, choncho yang'anani makoko a njere m'mbale ndi zitosi pansi pa khola kuti mutsimikize kuti ikudya mukachoka. Ipatseni chakudya chomwecho chimene inkadya kumene yachokera. Kusintha zakudya kudzabwera pambuyo, pamene mtima wake wakhala pansi.

Masikuwa akatha, yambani kukhala pafupi ndi khola kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu patsiku. Khalani chammbali, musaiyang'anitsitse ndi maso onse awiri, popeza nyama zolusa ndi zimene zimapenya motero. Werengani nyuzi mokweza pang'ono, imbani mluzu wofatsa, kapena idyani chipatso chanu pomwepo, chifukwa kwa mbalame yokhala m'gulu kudyera pamodzi ndi chizindikiro chakuti palibe choopsa. Mpando wanu muziusendeza pafupi masentimita ochepa tsiku lililonse, ndipo mukaona kuti mbalame yathawira kungodya ya khola, dziwani kuti mwafika pafupi kwambiri, bwererani pamene munali dzulo.

Apa ndi pamene mwini cockatiel ali ndi mwayi umene oweta zinkhwe zina alibe, chifukwa mbalameyi ili ndi tsumba pamutu limene limaulula zonse za mumtima mwake. Tsumba likaima njo, ndiye kuti yadzidzimuka kapena pali chinthu chimene chaikopa chidwi, ndipo kusiyana kwa ziwirizi mumakuona pa thupi: yochita mantha imaonda, nthenga zonse zitamatirira pathupi, khosi litatalika, pamene yachidwi imapendeketsa mutu n'kusendera kutsogolo. Tsumba likagona chagada mpaka kumatirira pamutu, mlomo uli yasa, mbalame ikutulutsa mpweya ngati njoka ndiponso ikugwedezeka uku ndi uku, ndiye kuti ikukuuzani momveka kuti mutalikire, ndipo chotsatira chake ndi kuluma. Tsumba likakhala pakatikati, litapendekera pang'ono kumbuyo, nsonga yake itapindikira m'mwamba, mtima wake uli m'malo. Palinso zizindikiro zina zosangalatsa kuziona. Mbalame imene ikudzikonza nthenga inu mulipo, kapena imene yaima ndi mwendo umodzi nthenga za m'masaya zitafufuma mpaka kuphimba mlomo, yasiya kukuonani ngati mdani. Ndipo madzulo mukamva kaphokoso kokukuta mlomo, musade nkhawa, chifukwa cockatiel imatero ikakhuta ndi kukhazikika, itatsala pang'ono kugona. Ine ndimaona kuti munthu amene waphunzira kuwerenga tsumba wamaliza theka la ntchito, popeza zolakwa zambiri pozoloweretsa mbalame zimachokera pa kupitiriza chinthu pamene mbalameyo yanena kale kuti basi.

Mbalame ikayamba kudya ndi kudzikonza inu muli pambali pa khola, nthawi ya chakudya cha padzanja yakwana. Chida chabwino koposa ndi ngala ya mawere, ija imagulitsidwa njere zikadali pa phesi lake, chifukwa cockatiel zambiri zimaikonda kwambiri, komanso ndi yaitali moti mbalame ikhoza kudya kunsonga dzanja lanu lili patali. Kuti ikhale ndi mphamvu, mawerewo musamaike m'mbale ya tsiku ndi tsiku. Azipezeka padzanja lanu pokha. Sindikunena kuti muimane chakudya kuti njala iikakamize kubwera kwa inu. Mbalame yaing'ono chotere imafooka msanga, ndipo kukhulupirirana kobwera ndi njala sikulimba. Ingosankhani nthawi ya m'mawa, pamene mwachibadwa imafuna kudya.

Lowetsani ngalayo pakati pa mawaya pafupi ndi kamtengo kamene imakonda, kenaka khalani chete osagwedeza dzanja. Musailondole nayo. Ikapanda kubwera m'mphindi zisanu, chotsani mwakachetechete n'kudzayesanso masana. Tsiku limene idzatambasule khosi n'kuthothola njere yoyamba, dziletseni kufuula mokondwa, chifukwa ambiri amaononga mphindi imeneyi ndi chimwemwe chawo chomwe. Ikazolowera, yambani kufupikitsa ngalayo tsiku ndi tsiku kufikira ikudya zala zanu zili pafupi ndi mlomo wake. Kenaka tsegulani chitseko n'kubwereza zomwezo dzanja lili pakhomo, ndipo pambuyo pake lili m'kati mwa khola, nthawi zonse lili m'munsi mwa mbalameyo, osati pamwamba pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa gawo ili mawuwa ndi oona ngakhale m'maonekedwe, popeza mbalame imatulutsa khosi pang'onopang'ono n'kulibweza mukangosuntha chala.

Kukwera pa chala kumabwera motere. Gwirani mawere ndi dzanja limodzi, ndipo chala cholozera cha dzanja linalo muchiike mopingasa pakati pa mbalame ndi mawerewo, chokwera pang'ono kuposa mapazi ake, chifukwa mbalame imakonda kukwera kusiyana ndi kutsika. Poyamba idzatambasula khosi kudumphitsa chalacho, kenaka idzaika phazi limodzi, n'kulibweza, ndipo tsiku lina idzaika onse awiri osazindikira n'komwe kuti yatero. Nenani mawu amodzimodzi nthawi zonse, monga akuti "kwera", ndi kuipatsa njere pomwepo. Masiku oyambirira musaitulutse m'khola ikangokwera; ilekeni idye, itsike yokha, ione kuti chala ndi malo amene ingachokepo pamene yafuna.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri pamenepa. Cockatiel isanaponde pa chinthu chachilendo imayamba yachiyesa ndi mlomo kuti ione ngati ndi cholimba, monga momwe imachitira ndi nthambi. Munthu wamantha akaona mlomo ukubwera amabweza chala mwadzidzidzi, mbalame imatsala pang'ono kugwa, ndipo imaphunzira kuti chalacho ndi nthambi yosadalirika. Limbani mtima, chala chikhale nji. Ngati mbalameyo imaopa manja kwambiri chifukwa cha zimene inakumana nazo kale, yambani ndi kamtengo kofanana ndi kamene imaterapo m'khola, ndipo pakapita masiku muzigwira kamtengoko mofupikitsa kufikira chala chanu chitalowa m'malo mwake. Maphunziro aliwonse asapitirire mphindi 5 mpaka 10, ndipo muzilekeza pamene zinthu zikuyenda bwino, mbalame isanatope.

Kuluma kudzachitika ndithu, ndipo cockatiel yochita mantha kwambiri ikhoza kutulutsa magazi, ngakhale kuti kawirikawiri imangotsina. Musaimenye, musaigogode pamlomo, musaiwaze madzi kapena kuigwedeza, chifukwa mbalame sigwirizanitsa chilango ndi cholakwa chake, imangoona kuti munthuyu ndi woopsa monga inkaganizira. Kukuwa nakonso sikuthandiza. Ibwezeni pakamtengo modekha, tembenukani kwa kanthawi, kenaka dzifunseni chimene tsumba linkanena mphindi imodzi kuluma kusanachitike. Kawirikawiri mudzapeza kuti chenjezo linalipo, inu ndi amene simunalione.

Tsiku loyamba kuitulutsa m'khola likonzekereni bwino. Tsekani zitseko ndi mazenera, kokani makatani, phimbani magalasi oonera popeza mbalame sidziwa kuti galasi ndi khoma, zimitsani fani ya kudenga, ndipo mphaka kapena galu akhale kunja kwa chipindacho. Tsegulani chitseko cha khola ndi kuileka ituluke yokha. Mwina idzauluka mozungulira mwamantha n'kukatera pamwamba pa katani. Musaithamangitse. Dikirani mpweya wake ukhazikike, kenaka perekani chala kapena kamtengo pamodzi ndi mawere, ndipo mudzadabwa kuona kuti mbalame imene inkakana chala m'khola imachilandira msanga ikakhala pamalo achilendo, chifukwa pamenepo inu ndinu chinthu chokhacho chimene ikuchidziwa. Sankhani tsiku limene mulibe changu chopita kwina, popeza kuibweza m'khola mothamanga ndi kumene kumachititsa anthu kuigwira ndi thaulo n'kugwetsa zonse zimene anamanga. Poibweza, ikani chakudya chokoma m'kati, ndipo nthawi zina muziilowetsa n'kuitulutsanso pomwepo, kuti isaphunzire kuti kukwera pa chala kumatanthauza kutsekeredwa.

Anthu ena amalangiza kudula nthenga za m'mapiko kuti mbalame ifatse msanga. Zoona, mbalame yosatha kuuluka imakhala pa dzanja, koma imakhalapo chifukwa ilibe kothawira, ndipo zimenezi ndi zosiyana ndi kukukhulupirirani. Kudula kolakwika kumaigwetsa pansi mwamphamvu, ndipo nthenga yatsopano imene ikadali ndi magazi m'kati ikadulidwa imakha magazi ambiri. Komanso cockatiel ndi youluka mwamphamvu moti ngakhale yodulidwa ikhoza kutengedwa ndi mphepo ikakhala panja. Ngati pali chifukwa chenicheni cha chitetezo m'nyumba mwanu, ntchitoyo ichitidwe ndi dokotala wa ziweto wodziwa za mbalame.

Chizindikiro chachikulu chakuti ubwenzi wakhazikika ndi pamene mbalame iweramitsa mutu patsogolo pa chala chanu, nthenga za pakhosi zitafufuma. Ikupempha kuti muikande, monga momwe zinzake m'gulu zimakonzerana nthenga pamalo amene mbalame singafike yokha ndi mlomo wake. Kandani pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala kumbuyo kwa tsumba ndi m'mbali mwa masaya, mopita mosemphana ndi kumene nthenga zagonera. Pa nthawi imene ikusintha nthenga mudzaona timinga toyera pamutu, tomwe ndi nthenga zatsopano zimene zikadali m'zikuto zake. Zimapweteka zikakhudzidwa molakwika, choncho musadabwe mbalame imene inapempha yokha kukandidwa ikatembenuka mwadzidzidzi n'kukudzudzulani ndi mlomo, kenaka n'kuweramitsanso mutu ngati palibe chachitika. Kukanda kulekezere pamutu ndi pakhosi. Kusisita msana, pansi pa mapiko kapena pafupi ndi mchira mbalame imakumva ngati chikondi cha mwamuna kapena mkazi wake, ndipo zotsatira zake ndi zovuta: yaimuna imayamba nsanje ndi ukali, pamene yaikazi ikhoza kuyamba kuikira mazira mosalekeza ngakhale palibe yaimuna, zimene zimaithera kashiamu m'thupi ndipo zingachititse kuti dzira likakamire m'mimba.

Mbalame ikakuzolowerani idzayamba kukuitanani ndi mawu okwera mukatuluka m'chipinda. Kumeneku ndi kuitana kwa m'gulu, kofunsa ngati mnzake akadalipo. Yankhani ndi kamluzu kamodzi kofanana nthawi zonse muli kumene muliko, ndipo kawirikawiri imakhala chete. Mukamathamangira ku khola nthawi iliyonse ikakuwa, mukuiphunzitsa kuti kukuwa ndiye njira yokubweretsani. Za kuimba, zazimuna ndi zimene zimakonda kutsanzira mluzu ndi mawu ochepa, pamene zazikazi zambiri ndi zachete, koma pa kufatsa ndi kukonda munthu palibe imene imaposa inzake. Pa mtundu wotuwa wachibadwa, kusiyana kumaoneka zikasintha nthenga koyamba zili ndi miyezi 6 mpaka 9, pamene nkhope ya yaimuna imasanduka yachikasu chowala ndipo yaikazi imasunga mizere ya pansi pa mchira.

Tulo timakhudza khalidwe kuposa mmene ambiri amaganizira. Cockatiel imafuna maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata, ndipo yogona mochedwa chifukwa cha wailesi yakanema imadzuka yokwiya, yosafuna maphunziro. Mtundu umenewu umadziwikanso ndi kudzidzimuka usiku: kuwala kwa galimoto yodutsa kapena kaphokoso kakang'ono kamaichititsa kuuluka mwakhungu m'khola n'kumadziomba kumawaya mpaka kuthyola nthenga. Kanyali kofooka kosiyidwa koyaka pafupi ndi khola kamachepetsa vutoli. Zikachitika, yatsani magetsi, lankhulani nayo mofatsa kufikira itabwerera pakamtengo, ndipo onani ngati palibe nthenga imene ikukha magazi.

Ena amafunsa ngati mbalame ziwiri zingazolowere munthu. Zingathe, koma zimatenga nthawi yaitali chifukwa iliyonse ili kale ndi mnzake, ndipo njira yabwino ndi kuphunzitsa iliyonse payokha kwa mphindi zochepa. Nthawi zambiri yamantha imalimba mtima ikaona inzake ikudya padzanja. Ngati mumachoka pakhomo tsiku lonse, kuisunga yokhayokha n'cholinga chakuti izikukondani kwambiri si chilungamo kwa mbalame yobadwira kukhala m'gulu. Yatsopano ikabwera, ikhale m'chipinda china kwa masiku osachepera 30 isanakumane ndi yakale, popeza matenda ena, monga psittacosis amene amagwiranso anthu, sadziwika msanga.

Mukafika pamene ikudya padzanja mosaopa, gwiritsani ntchito kukhulupirirana kumeneko kuiphunzitsa zakudya zina, chifukwa njere zokhazokha, makamaka za mpendadzuwa, zili ndi mafuta ambiri ndipo zimaononga chiwindi pakapita zaka. Masamba obiriwira, karoti ndi timibulu ta chakudya cha mbalame topangidwa kale zimalandiridwa msanga ikaona inu mukuzitola ndi zala ngati mukudya. Mapeyala, chokoleti, khofi, mowa, anyezi ndi zakudya zamchere wambiri musaipatse ngakhale pang'ono, ndipo musaidyetse kuchokera pakamwa panu.

Samalani ndi kufatsa kobwera mwadzidzidzi. Mbalame imene dzulo inkathawa dzanja, lero n'kulola kugwidwa itafufuma nthenga, maso ali otsinzina, itakhala pansi pa khola kapena mchira ukugwedezeka ndi kupuma kulikonse, sinazolowere ayi, ikudwala. Nyama yosakidwa imabisa matenda kufikira mphamvu zitaithera, choncho zizindikiro zikaonekera nthawi imakhala itapita kale, ndipo iyenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndi bwino, ikangophunzira kukwera pa chala, kuiphunzitsanso kutsikira pa sikelo yaing'ono yoyeza magalamu. Iyezeni m'mawa isanadye, kamodzi kapena kawiri pamlungu, ndipo lembani chiwerengerocho m'kabuku. Ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, monga kuchoka pa magalamu 90 kufika pa 81, pitani nayo kwa dokotala ngakhale ikuoneka yosangalala ndipo ikuimba monga mwa masiku onse.